Supuni Imodzi ya Kachasu

Magetsi anapita m'mamawa,
ndiye ndakoleza mbaula pakhonde,
kuno ku Chirimba, kumene fumbi la malole
limalowa ndi m'chitini cha mchere chomwe.

Ufa wa tirigu makapu atatu,
mchere wotsina ndi zala,
mafuta pang'ono, madzi ofunda,
kenako chija amake Zione sakufuna kuchiona:
supuni imodzi ya kachasu.
Ndakagula kwa a Likoswe kuseri kwa msika
m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa,
ndikuyenda chozemba ngati wangongole
kuopa maso a amayi a Mvano.

"M'nyumba mwanga muno?"
Ndikuti, mayi, si wakumwa uyu,
amathawa yekha akaona moto.
Akuti, "Onse amayamba choncho."

Anandiphunzitsa ndi Edivaldo
tikumanga njanji ku Nkaya,
iye wophika, ine wowotcherera zitsulo.
Chichewa chake chinali mawu anayi,
Chipwitikizi changa chotola m'malire,
koma tsiku lina ananunkhiza botolo la mlonda
n'kufuula, "Kashasa!"
Ine n'kuti, kachasu.
Tinaseka mpaka kapitawo anasuzumira pazenera.
Dzina limodzi, nyanja yathunthu pakati.
Anati kwawo ku Brazil chakudyachi ndi pasiteu,
amadya chiimirire pamsika,
n'kutsitsira madzi a nzimbe.

Ntchito inatha. Anakwera ndege.
Anandisiyira foloko yopindika dzino limodzi
ndi nambala ya foni imene siilowanso.

Tsopano ndikukanda.
Manja awa anazolowera kulimbana ndi chitsulo,
ufa ukundiuza kuti ndichepetse ukali.
Ndauphimba ndi nsalu, ugone kaye.
M'chiwaya muli nyama yogaya, theka la theka,
anyezi, adyo,
tomato mmodzi wofinyidwa madzi,
ndi kambuzi. Edivaldo akanalira misozi.

Ndikuutambasula ndi botolo la sobo
mpaka upyapyale,
mpaka mng'alu wa thebulo uonekere kunsi kwake.
Ndadula makona anayi, osati atatu.
Zione waima pambali, manja kumbuyo:
"Ababa, ameneyu ndi samusa wolakwika."
Mwana wa sitandade faifi,
pakamwa ngati loya wa ku khoti lalikulu.

Ndapinda, ndamata ndi madzi,
foloko ija ikudinda m'mphepete:
mano atatu owongoka, limodzi lopotoka.
Aliyense watuluka ndi siginecha ya mwini wake.

Woyamba waphulika.
Nyama yabalalika m'mafuta, yathetheka,
dontho landiluma pamkono
pafupi ndi zipsera zakale za moto wa ntchito.
Amake Zione atsokomola kamodzi. Ndamva.

Wachiwiri wamira,
wakhala pansi ngati akuganiza,
kenako wadzuka, watupa ngati pilo,
khungu lonse timatuza timatuza,
ntchito ya supuni ija.
Ndikumuthira mafuta pamsana,
akufiira ngati dothi la ku Michiru dzuwa likapendeka.

Fungo ladumpha mpanda.
Ana a kwa aneba ayamba kusewera
pafupi kwambiri ndi geti lathu.

Zione waluma. Khrrr.
Nthunzi yamuwotcha lilime, akupepesera ndi dzanja,
koma sakusiya, ndipo za samusa zatha.

Amake atenga wawo ndi nsonga za zala,
amutembenuza, amununkhiza ngati wapolisi wa pamsewu.
Aluma pakona. Atafuna nthawi yaitali.
Zinyenyeswa zagwera pachitenje.
Sanandiyang'ane.
Akufunsa mtengo wa ufa, wa mafuta,
milomo ikuwerenga chamumtima,
maso ali kale ku Wenela
kumene anthu a mabasi a usiku amafika ndi njala.

Patali sitima yalira, ikulowera ku Limbe.
Ndatsala pang'ono kutulutsa foni.

Atenga wina.
"Kwa a Likoswe kuja," akutero,
"musamapiteko masana.
Muzidikira kude."