Sipanala ya Zuze

Tsiku lachitatu ndili pachishalo.
Matako anafera ku Jenda,
msana ndinausiya pa Zalewa,
chatsala ndi manja awiri ouma pazigwiriro
ndi njinga yamoto ya mkulu wanga Zuze
imene ndikuibweza kwawo,
mwiniwake atatsogola kale m'bokosi, pa lole ya nyemba.

Zaka zisanu ndi ziwiri anaikwera ku Chitipa,
m'misewu imene ine ndinkangoimva pafoni:
Nthalire, Wenya, Misuku,
maina ozizira m'khutu la mwana wa ku Nsanje.
Ankati kumeneko ukafa injini madzulo
umagona nayo, nkhungu n'kukufunditsani nonse.

Ndatsika ku Thabwa mabuleki akununkha.
Shire ndamuwoloka osamuyang'ana.
Pa Nchalo phulusa la nzimbe landimata m'mano,
kutentha kwandizindikira
ngati munthu amene ndinamuthawa ndi ngongole.

Nditangopitirira Ngabu, tcheni yaduka.
Yagona paphula ngati njoka yopondedwa ndi ngolo.
Kulibe nyumba, kulibe sitolo,
mlambe umodzi wopanda tsamba,
ndi mbuzi zitatu zolimbirana mthunzi wa chikwangwani.

Pansi pa chishalo ndapeza kamtolo
kokulungidwa m'mkono wa shati imene ndikuidziwa:
sipanala nambala teni, yosalala ngati supuni,
pulayasi yaguluka dzino,
pulagi yakuda, malekeni, misomali iwiri,
ndi kapepala ka omwe sanamulipire.
Sichinga, faifi handiredi.
Mayi wa tomato, kawiri.
Ndayala zonse pafumbi
n'kumaziyang'ana ngati zilankhula.
Ine ndine mphunzitsi. Ndimadziwa choko.

Kenaka wafika mkulu wina pa njinga yakapalasa,
dengu la milamba yowamba kumbuyo,
ntchentche zikumulondola ngati ana ake.
Dzina akuti ndi Sandalamu.
Sanafunse kumene ndachokera.
Waona kansalu kakuda pagalasi, wavula chipewa,
n'kunditumiza kukafuna miyala iwiri,
wapansi ukhale wophwatalala.

Walumikiza tcheni pabondo pake,
msomali walowa pamene panali pini,
go, go, go, kuuphwanya mutu mbali zonse,
thukuta likudonthera pachitsulo n'kuuma pomwepo.
Ndiye wasuzumira kunsi kwa injini,
walondola ndi chala waya womanga ekizozi,
wina pa chopondera, wina pa nyale,
n'kuti: "Mwini njingayi anali wamanzere.
Onani mmene amapotera waya."

Kumaliro sindinalire.
Ndinali wogula ufa, wowerenga ndalama za chipepeso,
wosainira mapepala a lole.
Ndalirira apa, pakati pa Ngabu ndi Bangula,
manja ali bii ndi girisi,
chifukwa cha waya wopotedwa chobwerera.
Dzanja lomwe ankamenyedwera podya,
lomwe linandiphunzitsa kuponya legeni,
lili pano paliponse, lagwirira chitsulo chilichonse,
ndipo landinyamula kuchokera kumalire a kumpoto
ine osadziwa.

Sandalamu wandisiya ndithe.
Amapukuta sipanala ndi udzu, mbali iyi, mbali inayo.
Ndalama wakana.
Wangopempha msomali wotsalawo,
akuti pedulo yake nayo ili ndi maganizo ake.
"Musapitirire giya yachitatu.
Msomali si pini, koma ukufikitsani."

Tsopano ndikuyenda ngati wonyamula mazira.
Tcheni ikazungulira, pamsomali paja pakuti ke,
ke, ke, kudutsa Phokera, kudutsa Tengani,
dzuwa likutsamira mapiri a Chididi,
migwalangwa itaima m'dambo ngati anthu odikira basi.

Amayi akuidziwa injini iyi.
Khirisimasi iliyonse ankaimva isanakhote pa mjigo,
n'kutuluka chitenje chili m'manja.
Choncho ndikafika pa mjigopo ndizimitsa.
Ndikankha, mwakachetechete,
tayala lakutsogolo likulemba mumchenga,
kuti angatuluke akuthamanga
n'kupeza kuti ndine.