Buku la Malisiti

Makina anga ndi akale, opalasa ndi mwendo,
pakhonde la golosale pa Mpondabwino.
Chaka cha chisankho sindigona.
Nsalu zimabwera m'mipukutu,
nkhope imodzimodzi ikumwetulira pa yadi iliyonse,
ndipo ine ndimadula pakati pa mphuno
kuti kolala ikhale bwino.

Wozibweretsa ndi Wisikesi Makungwa,
mnyamata uja ankaitanira za ku Jali pa siteji.
Lero makiyi a galimoto akuzungulira pachala.
Amalipira ndalama zatsopano, zomatana,
zosadziwa dzanja la wogulitsa matemba.
Ndikatsegula buku la malisiti amaseka:
"Madala, ingolembani kuti mphepo."

Ndidalemba.
Malaya mazana atatu: mphepo.
Madiresi a amayi ovina: mphepo.

Koma mphepo ili ndi kwawo.
Ya mu Juni imatsetsereka kuchokera ku Chawe,
imatipeza tili m'majuzi, tikuidikira.
Nanga iyi?
Tidaidziwa mvula itabwera,
kamlatho ka kwathu, ka miyezi isanu ndi iwiri,
katagwada mu Likangala ngati ng'ombe yodwala.
Adakamanga, akuti, ndi bambo aja
ankakhala mpando wachiwiri pamsonkhano,
osavala nsalu ya chipani,
osaomba m'manja.

Abiti Mwamadi nawonso adaima chaka chomwecho.
Namwino wopuma, zaka makumi atatu kuchipatala chachikulu;
theka la ovota m'dera lino
adalirira koyamba m'manja mwawo.
Adagulitsa mbuzi zinayi kuti dzina lawo lilembedwe.
Kwa ine adadza ndi nsalu imodzi yokha, yopanda nkhope,
yoti ndisoke diresi la pamsonkhano.
Pabwalo la sukulu adanena za mankhwala osowa,
za mjigo udafa kalekale uja.
Anthu adamvetsera, adagwedeza mitu,
kenaka mawu kumbuyo:
"Nanga ya sopo, mayi?"
Mavoti awo sakadadzaza ngakhale chipewa.

Wofunsa sopo sindimunyoza.
Envulopu inenso ndidalandira,
ndidagulira ulusi, yotsala fizi ya Lonjezo.
Idatha Lachinayi.
Zaka zisanu sizidathe.

Pawailesi akuti lamulo lilipo:
aulule yemwe adawapatsa,
asamwaze ndalama pamsonkhano.
Lilipodi, ngati suti ya ukwati pansi pa sutikesi,
njenjete zikuidziwa kuposa mwini wake.
Chonsecho ine m'mawa uliwonse
wa khonsolo amang'amba tikiti, ndimalipira,
dzina langa amalidziwa, la bambo anga lomwe.
Mayi wa tomato akasowa tikiti amamulanda dengu.
Ndiye wogula dera lathunthu,
ndi anthu ake, mijigo yake, ana ali m'mimba,
iyeyo alibe kapepala?

Sindipempha zambiri.
Mzere umodzi: adapereka ndi uje, zakuti, tsiku lakuti.
Aupachike pomwe amapachika mayina a okhoza mayeso,
tiwerenge ndi chala
tisanalowe m'kachipinda kaja.

Zidutswa zotsala sinditaya.
Ndidazilumikiza, za zipani zonse,
diso la uyu patsaya la uyo,
lonjezo lodukira pakati pa mawu.
Ndi chofunda cha mdzukulu wanga.
Usiku amakodzerapo.

Dzulo Wisikesi wabweranso,
mimba patsogolo, mipukutu pambuyo.
Ndatsegula buku, ndamupatsa bolopeni.
"Dzina la mwini ndalama. Apa."
Wandiyang'ana nthawi yaitali,
ngati ndamutukwanira mayi ake.
Kenaka wasenzetsa anyamata nsalu zija,
wawoloka msewu
kupita kwa Che Ajusa, a makina amagetsi.

Ndakhala ndi thalauza limodzi loti ndipinde m'munsi.
Tsidya lija makina alira tsiku lonse,
alira mpaka magetsi kuzima.