Mtengo M'botolo la Jamu

Mfenesi wa a Sumani ku Linga unagwa chaka chatha,
chiswe chinaudya mtima, mwera n'kudzangomaliza.
Nthangala zake tidadzalapo kambirimbiri
koma ana a nthangala ndi abodza:
wina anabala zamadzimadzi,
wina zaka zisanu ndi zinayi, masamba okhaokha.

Usanafote, Sakina anafika ndi kalezala,
nadula tinsonga tochepa ngati njere za kilombero,
utomoni ukumumata zala.
A Sumani anaseka mpaka kutsokomola:
"Chimtengo chonsechi, mwana iwe,
chilowe m'botolo la jamu?"

Ine yanga ndi yotsuka mabotolowo.
Ndimawaphika ndi nthunzi, kansalu kali kukamwa.
M'chipinda muno mpweya wako ndi mdani,
kuyetsemula ndi mlandu.

Tinandandalika makumi anayi pashelefu.
Sabata yachiwiri chuku chinalowa,
ubweya woyera ngati wa pa buledi woiwalika.
Ena anada bii,
kansonga kakumira m'misozi yake yomwe.
Magetsi anathawa masiku atatu,
jenereta ikupempha dizilo amene tinalibe.
Sakina sanandiyankhe moni,
ngati ndinathimitsa ndine.

Anatsala atatu.

Lachiwiri lina, ndikukolopa,
diso linagwa pa kadontho kobiriwira.
Popanda dothi, popanda mvula,
kakungodya phala loonekera mkati, lothira shuga,
kakutukula mutu.
Ndinaiwala lamulo. Ndinakuwa.

Kamodzi tinakagawa panayi,
tinayito n'kugawanso.
Mizu inachedwa, inatiyesa mtima,
kenaka inatuluka yoyera ngati ulusi wa telala.
Tinatisamutsira m'machubu, pansi pa ukonde,
kuti tiphunzire pang'onopang'ono
kuti dzuwa la ku Nkhotakota silinyengerera munthu.

Dzulo a Sumani anabwera pa kabaza.
Anagwada movutikira, nafikisa tsamba, nanunkhiza.
"Ameneyu ndi mwana wake, kapena ndi iye yemwe?"
"Ndi iye yemwe," anatero Sakina.
"Ndiye mundigulitse bwanji mtengo wanga womwe?"

Anasankha tiwiri, osalipira,
natifungata pamiyendo ngati mapasa opita ku sikelo.
Sakina anawakuwira kuti kubala mwina n'zaka zinayi.
"Ndidikira," anatero, kabaza ikunyamuka,
"ndilibe kopita."

Ndinabwerera kumpopi.
Mabotolo makumi atatu ndi asanu ndi awiri
anali kundidikira m'beseni.