Mtambo M'botolo

Ku Lund dzuwa lathawa isanakwane folo koloko.
Gunnel Aspegren wakutumula chipale chofewa pachikhoti,
wayatsa chotenthetsera madzi,
waviikamo mabotolo awiri.

La kumanzere muli sopo wakale,
mdzukulu wa mafuta okumba pansi.
La kumanja muli wake:
mutu wa shuga wa m'mizu ya ku Skåne,
mchira wa mafuta a mbewu ya maluwa achikasu,
yomwe atate ake ankalima kufupi ndi Eslöv
mpaka mawondo atakana.

Malte, wophunzira wa chaka choyamba, akuyasamula.
"Tamvera," akutero Gunnel, "kanthu aka n'ka mitima iwiri.
Mutu umakonda madzi, mchira umanyansidwa nawo.
Magetsi kalibe, sikakoka, sikakankha.
Tikachepa timangoima pamwamba
ngati anthu odikira sitima.
Tikachuluka timapangana:
michira mkati, mitu kunja,
kampira koti diso silingakapeze,
ndipo m'katimo ndimo mafuta a pambale yako amabisala
madzi akamawanyamula."

Madigiri makumi atatu. Zii.
Onse awiri mbee, ngati mulibe kanthu.

Makumi asanu.
Kumanzere timipira tayamba kutalika,
tasanduka nyongolotsi, tikukolana,
kathovu kakukwera mwaulesi
ngati munthu wokwera masitepe ndi katundu.

Makumi asanu ndi limodzi, kuwonjezapo awiri,
madzi omwe anagwira mitu ija alekerera,
chala chimodzichimodzi,
ndipo mtambo wabadwa m'botolo,
woyera ngati mkaka wodonthera mu tiyi.

"Koma moto umasungunula," akudabwa Malte.
"Shuga, mchere, batala.
Uyu bwanji akutuluka m'madzi pamene kwafunda?"

Gunnel sakuyankha msanga.
Akuona khitchini ya ku Eslöv m'Julaye,
mazenera otsegula, ntchentche pa kapu,
iye ndi mlongo wake Torvald
pepala logulitsa munda lili pakati.
Nyengo zozizira makumi anayi anazidutsa limodzi,
akukankha thirakitala m'matope oundana.
Linawalekanitsa ndi tsiku limodzi lotentha.

"Lemba nambala," akutero.

Makumi asanu ndi atatu. Makumi asanu ndi anayi.
La kumanzere lagawanika pawiri,
wina pamwamba, wina pansi, malire pakati.
La kumanja likadali mbee.
Shuga uja wakakamira madzi ake,
sakuwataya, ngakhale galasi likuotcha chala.

Malte wadumpha, akufuna kujambula.
Gunnel wamugwira pamkono:
kuona kamodzi si kudziwa.
Mawa tithiramo mchere.
Mkuja, madzi a pampopi a laimu.
Kenako tikalonge timabotolo ta ku Grenoble,
akatiwombe ndi kuwala kosaoneka
tione ngati ndi mipira, ndodo, kapena chinthu china
chomwe sitinachipatse dzina.

Wazimitsa chotenthetsera.
Malte wapita, njinga yake ikulira pa ayezi.
Iye watsala, manja m'thumba,
akuyang'ana botolo la kumanzere likuzizira.
Sanathiremo mankhwala.
Wangolipukusa kamodzi,
ndipo mtambo ukuchepa, ukuchepa,
mpaka zilembo za kuseri kwa botolo zawerengekanso.

Walemba nthawi: 18.52.
Pansi pake walemba kuti: zimabwerera.
Wafufuta. Si mawu a m'buku la labotale.

Foni ili pansi pa magolovesi.
Nambala ya Torvald sanaifufute,
imathera ndi seveni ziwiri.
Basi ya ku Eslöv imanyamuka hafu seveni.