Mlendo wa m'Kapaipi

Masiku atatu mbale ija inangoti chete
m'kabati yofunda ya mu labotale.
Ndinatsala pang'ono kulemba kuti mulibe kanthu.
Lachinayi m'mawa, magetsi atangobwerera,
ndinaona timadontho touma, tofiirira ngati njerwa yosapsa bwino,
tosafanana ndi tizilombo timene ndimatidziwa maina.

Magaziwo ndi a mayi Felizarda Kamtengeni a ku Ulongwe,
bedi lachisanu kuchokera pakhomo.
Nkhope yawo sindinaionepo. Ndimadziwa dzina la pa botolo
ndi zomwe namwino Zeferino amandiuza pa nkhomaliro:
kuti amalima mbatatesi,
kuti amadandaula kutentha kwa Tete kuposa khansa yawo,
koma akangowatsukira kapaipi ka pachifuwa kaja
amanjenjemera, mano gwedegwede, n'kupempha bulangete
dzuwa likusungunula phula pa mlatho wa Zambezi.

Ndinafufuza m'buku lothothoka chikuto.
Kachilomboka kwawo n'kudothi, m'ngalande, m'fumbi.
Ndiye kuti mayiwa akhala nako zaka makumi anayi
m'zikhadabo, m'ming'alu ya zidendene,
osawachita kanthu.
Mankhwala othamangitsa chotupa
anathamangitsanso alonda a m'magazi,
ndipo khomo lomwe anaboola kuti thandizo lizilowera
silifunsa wolowa kuti ndiwe yani.

Dokotala Nyamitambo anandiyang'anira pamwamba pa magalasi:
"Si dzanja lako lomwe laipitsa mbale?"
Ndinameza malovu. Tinatenganso ena,
botolo la pamkono, botolo la m'kapaipi.
La m'kapaipi ndilo linayamba kuyankha.

Kapaipiko anakazula Loweruka.
Nsonga yake inandipeza m'kabotolo,
yofewa ngati phesi la tsamba la dzungu.
Kanthu kakang'ono chonchi.

Tsopano anamwino akusaka mtsempha pa mikono youma,
kubaya kawiri, katatu.
Akuti mayiwo akufunsa ngati mvula yayamba kumapiri,
ndipo ndani awakwezere mizere.
Dzina lenileni la kachilomboka likadali pa ulendo;
tatumiza ku Maputo, mwina mwezi, mwina kuposa.
Pa fomu ndalemba zokhazo zimene maso anga aona.

Poweruka ndinadzera ku wodi, ndikuima pakhomo
ngati wosochera.
Ndinawerenga mabedi.
Bulangete linali lopindidwa kumiyendo.
Iwo ankasenda nthochi, pang'onopang'ono,
osadziwa kuti ndine yani.