Ikazima pa Mtsetse

Ulendo woyamba inazima pa maloboti a Avenida Argentina,
Lachiwiri, mvula ikuwaza.
Palibe chimene chinaphulika. Sinatsokomole n'komwe.
Inangoti zii,
ngati munthu amene waiwala chimene amati anene.
Basi yamagetsi kumbuyo kwanga inaliza hutala,
dalaivala akutambasula manja pagalasi,
ine ndikupotokola kiyi, ndikupotokolanso,
timagetsi tofiira tonse titayaka pamodzi.

Ndinaigula chifukwa cha msinkhu wake:
yotalikirako, yosakhula pansi m'misewu ya Valparaíso,
koma yaing'ono mokwanira kukhota m'tinjira ta Cerro Barón
kumene odwala anga amadikira jakisoni m'mamawa.
Ngongole yake kubanki yatsala miyezi makumi atatu ndi umodzi.

Don Eliodoro anailumikiza ku kompyuta yake,
nayang'ana, nayang'ananso atavula magalasi.
"Mayi, apa sipakuoneka kanthu."
Anasintha mapulagi. Anasintha sefa ya mafuta.
Anayenda nayo mpaka ku Concón n'kubwerako,
iyo ikung'ung'udza mwaulemu
ngati mwana wopulupudza pamaso pa alendo.
"Mudzabwere nayo pamene ikuchita zimenezo."
Ndidzabwera nayo bwanji, bambo, itazima?

Kumene ndinaigula anandipatsa khofi m'kakapu ka pepala
ndi nambala yaitali ya dandaulo langa.
Mnyamata wa tayi anati ndine woyamba kunena zotere.
Pabenchi panali anthu ena atatu,
makiyi ofanana ndi anga ali m'manja,
aliyense akuyang'ana nsapato zake.

Tsiku la pamtsetse sindikonda kulikamba.
Fresia anali kumbuyo, chikwama cha kusukulu pamiyendo,
akuloweza mayina a mitsinje ya kummwera.
Injini inatisiya pakati pa Biobío ndi Toltén.
Chiwongolero chinauma gwa,
buleki inasanduka mwala kunsi kwa phazi langa,
ndipo doko lonse, sitima zake, makontena ake ofiira,
linayamba kukwera phiri kudzatichingamira.
Ndinaponda ndi miyendo yonse iwiri.
Ndinakoka handibuleki mpaka phewa linalira.
Tinaima titapsompsona khoma la buluu la nyumba ya eni,
galu akuuwa padenga.
Fresia anafunsa: "Amayi, tafika?"

Chiyambire tsikulo ndimayendetsa ndi khutu.
Wailesi ndinatseka.
Pamphambano iliyonse ndimamvetsera kamtima kake,
ndimazungulira njira zotalika, bola zikhale zafulati,
n'kukafika kwa doña Ercilia shuga wawo atakwera kale,
iwo ali pakhomo ndi wotchi m'manja.

Bambo anga nawonso ayamba zomwezo.
Amayamba nkhani ya kudoko,
ya chaka chimene chingwe chinaduka n'kumwaza maapozi m'nyanja,
kenaka zii,
supuni ili m'malere, maso ali pa ine koma eni ake kulibe.
Ndimawerenga chamumtima, kamodzi, kawiri, katatu,
zala zanga zikufufuza kiyi pansalu ya patebulo.
Amabwerera okha, n'kupitiriza pamene sanalekezere.
Dokotala anawajambula mutu.
Akuti sipakuoneka kanthu.

Lamlungu ndinamata pepala pagalasi: IKUGULITSIDWA.
Mtsikana wina wodwala pakati anaima,
naisisita pa boneti, nasuzumira mpando wakumbuyo,
nafunsa ngati ili ndi vuto lililonse.
Ndinayang'ana mimba yake.
Ndinati pepani, ena alipira kale.
Pepalalo ndinapukutira mafuta pa kachitsulo koyezera oyilo.

M'mawa uno, chifunga chitakuta doko,
yalira kamodzi n'kamodzi, mawu ake osalala bwino,
ngati sinandichitepo kanthu.
Fresia wapita pa basi.
Majakisoni ali m'kabokosi kozizira pampando wa pambali.
Ndakhala m'menemo mphindi zisanu, dzanja pa giya,
msewu ukutsetsereka patsogolo panga mpaka kumadzi,
phazi likukana kuchoka pa buleki.