Wolengeza Sitima wa ku Manmad

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
mawu anga ankatuluka m'zimkuzamawu za pa siteshoni ya Manmad:
sitima ya ku Nanded yachedwa ndi mphindi makumi anayi,
chokani m'mphepete mwa njanji,
mwana wa malaya ofiira akufuna mayi ake.
Ndikalankhula, khamu linkasenza katundu.
Ndikalankhula, linkakhalanso pansi.
Kunyumba ndinali munthu wa ee ndi ayi.

Tsiku limene mwana wanga Rohini anapita ndi mnyamata amene ndinamukana,
sitima yawo ndinailengeza ndine,
pulatifomu yachitatu,
mawu osagwedera ngakhale pang'ono.
Ndinamuona pa zenera atakumbatira chikwama cha mayi ake.
Ndinameza.

Zaka zisanu ndi ziwiri ndikumeza.
Kenaka m'mawa wina, nditapuma kale pa ntchito,
ndinati ndiitanitse tiyi kwa Bhausaheb,
m'kamwa munatuluka mphepo yokha.

Dokotala wa ku Nashik anandisuzumira ndi katochi,
kapaipi kodzera m'mphuno.
Palibe chotupa, bambo, zonse zili m'malo mwake.
Kapumuleni.
Ndipumule chiyani, munthu wopuma kale?

Mkazi wanga Shalan ndiye anandikokera padenga la shopu ya matayala
pamene Tejaswini, wocheperapo kwa mwana wanga,
amaphunzitsa anthu kukoka mpweya.
Anaika chala changa pamene pamadumpha kholingo.
Vishuda, anatero, chakira cha pakhosi,
kakombo wa masamba khumi ndi asanu ndi limodzi,
wabuluu ngati thambo mvula itakata.
Chimene mtima wakana kutaya, lilime n'kukana kunena,
chimagona pamenepa.
Ine ndinkangomva fungo la labala.

Nenani ham, anatero.
Sabata yoyamba, mpweya.
Yachiwiri, mpweya ndi chifuwa,
ndi anyamata a pansi akuseka uku akupopa machubu.
Ndinati basi, ndaleka.
M'mawa ndinapeza Shalan waika nsapato zanga pakhomo,
zitaloza kunja.

Sabata yachisanu, Lachinayi,
sitima ya katundu ikudutsa kuseri kwa msika,
denga linanjenjemera
ndipo kunsi kwa chala changa kanthu kena kananjenjemera nalo
ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.
Hammm.
Mawu oipa, osasa, a chitseko chadzimbiri.
M'mbuyo mwake munatuluka dzina
losaitanidwa, lonyowa:
Rohini.

Tejaswini sanaombe m'manja.
Anandipatsa madzi ofunda m'kapu yachitsulo
n'kutembenukira kwa mayi wina wovutika msana.

Sindidziwa ngati kakomboyo alipodi.
Katochi ka dokotala sikanamuone.
Chimene ndidziwa n'chakuti usiku womwewo
Shalan anasolola kapepala kunsi kwa chitini cha mpunga,
nambala imene wakhala akuimba mobisa Lamulungu lililonse,
ndipo foni inaitana kanayi.

Ine amene ndinkauza dziko kopita ndi nthawi yake
ndinasowa poyambira.
Ndinati, ndine.
Ndinati, sitima ija ndinailengeza ndine,
koma ndinkafuna kunena kuti yachedwa,
yachedwa, usakwere,
dikira nditsike masitepe ndidzakunyamulire chikwama.

Kumbali inayo kunali zii,
patali kukumveka mahutala a mzinda wosaudziwa,
kenaka kamwana kakufunsa,
amayi, ndani akulirayo?

Agogo ako, anatero Rohini.
Ulankhule nawo pang'onopang'ono,
akuphunzira kumene.

Mawu anga sanabwerere onse.
Ena anatsala m'zimkuzamawu zija,
m'mene tsopano mumalankhula makina aulemu osakhosomola.
Amene ndatsala nawo ndi ochepa, okanda ngati chiguduli,
ndipo ndimawawerenga ndisanawagwiritse ntchito.
Bhausaheb amachita kuweramira pa tebulo kuti amve.
Koma tiyi amabwera,
wopanda shuga, monga ndanenera.